Kosi ya kompyuta za bizinesi ndaimaliza, nayi mmene ndaionera

Satifiketi yabwera sabata yatha nde ndati ndilembe mmene ndaionera kosi imeneyi poti anthu angapo akhala akundifunsa ngati ndi yoti munthu nkutayirapo nthawi. Ndi kosi ya pa intaneti ya anthu ongoyamba kumene, masabata 12, ndipo anaigawa patatu, koyamba ma information system a m'bizinesi, kenako ma spreadsheet (mapulogalamu a matebulo owerengetsera ngati Excel), pomaliza kapangidwe ka webusaiti. Dzina la eni kosiwo sindilitchula chifukwa pali zina ndidandaule m'munsimu, komanso makosi amtunduwu ali mbwee ndipo silabasi yake imangofanana, ukaona imodzi waona onse.

Kuti mudziwe amene akuyankhula, ine si wa IT ayi. Ndimagwira mu ofesi ya kakampani kakang'ono, kulemba maoda, ma invoyisi ndi kusunga sitoko, ndipo Excel ndakhala ndikuitsegula tsiku ndi tsiku kwa zaka ndithu koma mmene ndinkaigwiritsira ntchito ndi zamanyazi abale. Ndinkalemba manambala mu timabokosi tija kenako nkutenga kakyuleta ya pa foni nkuwonkhetsa, ansala nkuilemba pansi pake ndi manja. Pulogalamu yoti ntchito yake yeniyeni ndi kuwerengetsa ine ndinkangoiyesa pepala la mizere basi kkkk. Nde ngati inuyo muli patali kale, mumalemba ma macro kaya code, izi si zanu, kosiyi ikugonetsani tulo.

Malikisi ndikupereka 7 pa 10, ndipo asanu mwa amenewo ndi a chigawo cha spreadsheet chokha.

Chigawo choyamba ndi chimene chinatsala pang'ono kundithawitsa. Masabata atatu athunthu aphunzitsi akungowerenga ma slide, mawu ake osakwera osatsika, iwe uli kuno maso akulemera. Zilembo zachidule zokhazokha: TPS, MIS, DSS, ERP, CRM. Kumasulira kwake sikovuta kwenikweni. TPS ndi imene imalemba chilichonse chikangochitika, ngati makina a pa thilu akamasikana katundu. MIS imatenga zomwezo nkupanga malipoti a mabwana, DSS ndi yothandiza pa funso loti nanga titakweza mtengo kaya titaoda zambiri zingathe bwanji, ERP imamanga pamodzi maakaunti, sitoko, zogula ndi malipiro a antchito kuti zonse zizimwa pa chitsime chimodzi, ndipo anatchulapo SAP, kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1972. CRM ndi ya makasitomala, ndani anagula chani liti, anadandaula chani. Chabwino. Koma masabata onsewo sanationetse sikirini ngakhale imodzi ya pulogalamu yotereyi ikugwira ntchito, nde umangoloweza ngati ndakatulo kuti ukhoze kwizi, mawa lake waiwala. Kwizi yakenso ndi yosankha A B C D, munthu ungathe kukhoza osamva kanthu.

Komabe ndisaname, muli zinthu ziwiri mmenemo zimene zandikhalira. Choyamba anati system si kompyuta yokha, ndi zinthu zisanu pamodzi, makina, mapulogalamu, deta, ndondomeko ya kagwiridwe ka ntchito, ndi anthu. Tsiku limenelo ndinangoti aaa zolowezanso izi. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti vuto lathu ku ofesi silinakhalepo makina, vuto ndi loti munthu amatulutsa katundu mu sitoro ali pa changu nkunena kuti ndilemba kenako, ndipo kenako wakeyo safika. Mugule pulogalamu yapamwamba bwanji, ngati wotulutsa katundu salemba, lipoti lidzanama basi, lidzangonama mooneka bwino. Chachiwiri ndi kusiyana kwa deta ndi information. Nambala 40 payokha sikuuza kanthu. Koma ukadziwa kuti zatsala 40, pa tsiku zimatuluka 15, ndipo oda imatenga masiku asanu kuti ifike, pamenepo wadziwa kuti wachedwa kale kuoda. Manambala omwewo koma tsopano akukutuma.

Phunziro la database linali lalifupi kwambiri, vidiyo imodzi, pamene ndi limene linafunika sabata yathunthu. Anangotchula kuti Edgar Codd wa ku IBM ndi amene mu 1970 anabweretsa nzeru yosunga deta m'matebulo olumikizana, nkufotokoza primary key mothamanga. Ine ndinaimvetsa nditatsegula fayilo yathu ya makasitomala nkupeza kasitomala mmodzi analembedwa mitundu inayi, pena dzina lonse, pena chidule, pena sipelo yolakwika, pena ndi Ltd kumapeto, nde pofuna kudziwa ngongole yake yonse timachita kusaka ngati singano yagwa mu mchenga. Mpatseni nambala yake imodzi yosasintha, dzina mulilembe malo amodzi okha, kwina konse muzingoika nambalayo. Nambala imeneyo ndiye primary key, nkhani yonse ndi imeneyo eti.

Tsopano chigawo cha spreadsheet, apa ndiye panali phindu. Anasinthanso mphunzitsi, anabwera mayi wina amene amaonekeratu kuti ntchitoyi anaigwirapo osati kungowerenga, amalakwitsa dala pa sikirini kuti uone chimene chichitike kenako nkukonza. Anayamba ndi kambiri pang'ono, kuti spreadsheet yoyamba ya pa kompyuta za anthu wamba inali VisiCalc ya mu 1979, imene anapanga Dan Bricklin ndi Bob Frankston pa Apple II, ndipo anthu ankagula kompyutayo chifukwa cha pulogalamu imeneyi. Kenako Lotus 1-2-3 mu 1983, Excel nkubwera mu 1985 ndipo inayambira pa Macintosh osati Windows, zimene ine sindinkaganizira nkomwe. Koma sanatchule mbiriyi mongokometsera, amafuna tione chimene chinadabwitsa anthu nthawi imeneyo, choti ukasintha nambala imodzi zonse zodalira nambalayo zimasintha zokha. Kale ukalakwitsa pamwamba pa pepala umafufuta mpaka pansi.

Nde lamulo lawo loyamba linali loti usalembe nambala mkati mwa fomula, loza kabokosi kamene muli nambalayo. Peresenti ya msonkho kaya ya disikaunti ikhale pa kabokosi kake kamodzi, mafomula onse aziyang'ana pamenepo, tsiku ikadzasintha udzasintha malo amodzi osati mizere 300. Apa ndi pamene ndinagwa koyamba. Ndinaika peresenti pa B1, fomula yoyamba inayenda bwinobwino, nditaikokera pansi mizere ina yonse inangotulutsa ziro ndi zinthu zosamveka, ndinakhala ola lathunthu ndikuganiza kuti laputopu yapenga. Osadziwa kuti fomula ukaikokera pansi nayonso imasuntha, B1 imakhala B2, B3, kumangotsika choncho kuloza timabokosi topanda kanthu. Mankhwala ake ndi kachizindikiro ka dola, ulembe $B$1 kapena ungodina F4, basi yakhomeredwa siisunthanso. Kanthu kakang'ono chonchi koma ndikanakadziwa kalekale bwenzi ndisanataye masiku ambirimbiri.

Chimene chinandisinthiratu mutu si fomula koma kayalidwe ka deta. Mayiwo ankabwereza mpaka kutopetsa: mzere umodzi chinthu chimodzi, kolamu imodzi mtundu umodzi wa deta, mitu ya makolamu ikhale pa mzere woyamba basi. Osaphatikiza timabokosi pofuna kukongoletsa, osasiya mizere yopanda kanthu pakati, osaika totala pakati pa deta, osalemba 20 pcs mu kabokosi ka nambala chifukwa ukangowonjezera zilembo kompyuta imaiona ngati mawu ndipo SUM imangoidumpha mwakachetechete osakuuza. Ndipo utoto si deta. Ine fayilo yanga inali ngati utawaleza, chikasu ndiye kuti walipira, chofiira sanalipire, chobiriwira walipira theka, ndipo tanthauzo la mitunduyo linali m'mutu mwanga mokha, tsiku limene ndinadwala mnzanga anangoiyang'ana nkuitseka. Pano pali kolamu yolembedwa kuti walipira kapena ayi, ndipo utoto umabwera wokha ndi conditional formatting.

Ukayala bwino choncho pivot table imakhala ngati matsenga. Lipoti la pa mwezi limene linkanditengera theka la tsiku, kusefa kasitomala mmodzimmodzi nkumakopera pa tsamba lina, pano ndimangokoka dzina la kasitomala uku, mwezi uko, ndalama pakati, latha. Tsiku loyamba ndinachita kuwonkhetsanso pa kakyuleta posakhulupirira, ndipo pamene zinasiyana wolakwa ndinali ine.

VLOOKUP, fomula yosaka chinthu mu tebulo nkukubweretsera zimene zili pa mzere wake monga mtengo, anaiphunzitsa bwino, makamaka kutichenjeza za mbali yake yomaliza, kuti ukapanda kulemba FALSE kapena 0 imakupatsa chinthu chongoyandikira osati chenichenicho, ndipo siichita manyazi, imangokupatsa mtengo wa katundu wina ngati kuti zili bwino. Anationetsanso chifukwa chake #N/A imatuluka pamene iwe ukuona ndi maso ako kuti dzinalo lilipo, kawirikawiri ndi kampata kobisika kumapeto kwa mawu, TRIM nkukachotsa. Dandaulo langa apa ndi loti mavidiyo ndi akale. XLOOKUP, imene inabwera cha mu 2019 ndipo imatha kuyang'ana kumanzere komwe VLOOKUP imakanika, sanaitchule ngakhale kamodzi, ndinaidziwira kwa wophunzira mnzanga. Mabatani enanso pa vidiyo ali pena, pa kompyuta yako ali pena, nde kwa munthu wongoyamba kumene zimenezi zimasokoneza kwambiri, umayamba kudzikayikira wekha.

Phunziro limene ndinalikonda kuposa onse ndi la mmene spreadsheet imasinthira zinthu iwe osaituma. Lembani nambala ya foni yoyamba ndi ziro muone, ziro uja amasowa chifukwa pulogalamu ikuganiza kuti ndi nambala yowerengetsera. Lembani nambala yaitali yoposa manambala 15, ngati ya khadi kaya ya akaunti, Excel imasunga 15 oyambawo ena onse nkuwasandutsa ziro, ndipo ukaseva zapita. Njira yake ndi kuuza kolamuyo kuti ndi Text usanayambe kulemba. Madeti ndiye mbola yeniyeni, mkati mwake deti ndi nambala chabe yowerenga masiku kuchokera pa 1 January 1900, ndipo 04/05 kwa wina ndi 4 May kwa wina ndi April 5 kutengera mmene kompyuta yake anaitchera, nchifukwa chake anatilangiza kulemba chaka, mwezi, tsiku, ngati 2024-05-04, kuti pasakhale mkangano. Ndinaseka atanena kuti ngakhale asayansi zinawagwera, majini ena anali ndi mayina ngati SEPT1 ndi MARCH1 ndipo Excel inkangowasandutsa madeti, mpaka mu 2020 komiti yoona mayina a majini a anthu inachita kusintha mayinawo kukhala SEPTIN1 ndi MARCHF1. Anthu ophunzira zedi kugonja kwa pulogalamu kkkk. Koma inayo siyoseketsa, chaka chomwecho ku England anthu 15,841 amene anapezeka ndi Covid sanalowe mu malipoti pa nthawi yake chifukwa deta inkadutsira mu fayilo ya mtundu wakale wa XLS umene umathera pa mizere 65,536, zotsalazo zinkangodulidwa popanda chenjezo. Mtundu watsopano wa XLSX umafika mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384, koma mfundo ya mayiwo inali yoti spreadsheet ili ndi polekezera, deta ikakula kapena anthu olemba akachuluka pamafunika database. Apa ndi pokhapo pamene chigawo chachiwiri chinagwirana chanza ndi choyamba, ndipo zinachitika mwa mphunzitsi yekhayo osati silabasi.

Za webusaiti ndinazidikira ndi mtima wonse ndipo ndi zimene zinandikhumudwitsa. Chiyambi chinali bho. Unatsegula Notepad, kulemba timizere tingapo ta HTML, kuseva ndi dzina lothera .html, kudina kawiri, nkuona mutu wako ukuoneka mu browser ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinajambula sikirini nkutumizira mchemwali wanga ngati ndamanga nyumba. Anafotokoza bwino kuti HTML imangonena kuti ichi ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi chithunzi, iyi linki, CSS ndiye imanena za mtundu, kukula kwa zilembo ndi pokhala chinthu chilichonse, JavaScript ndi ya zochitika ukadina. Mbiri yake anaikhudzanso, Tim Berners-Lee ku CERN kufupi ndi Geneva analemba ganizo lake mu 1989, webusaiti yoyamba nkuonekera kwa anthu mu 1991, JavaScript 1995, CSS 1996. Ndinayamikiranso kuti anatsindika zolemba mawu ofotokoza chithunzi, aja amati alt, kuti anthu osaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera adziwe chimene chili pa chithunzipo, komanso zoti zilembo zotuwa pa malo oyera ndi kuzunza owerenga. Ndi zoti chithunzi chochokera pa kamera uyambe wachichepetsa usanachiike, apo ayi tsamba limatenga chaka kuti litseguke.

Koma zinathera pomwepo. Tsamba lako lili pa laputopu yako, nanga lifika bwanji pa intaneti kuti kasitomala alione? Domain, hosting, DNS, HTTPS, zonsezi anaziunjika mu slide imodzi ya matanthauzo, osatiyendetsa ngakhale kamodzi kuti dzina umalembetsa chonchi, mafayilo umakweza chonchi. Zoti tsamba lizioneka bwino pa foni anangozitchula mu vidiyo ya mphindi zochepa, chonsecho anthu ambiri amene adzatsegule tsamba la kabizinesi adzalitsegulira pa foni pomwepo. Langa nditalitsegula pa foni tebulo linatulukira kunja kwa sikirini, ndinachita kukafufuza ndekha za kamzere ka viewport ndi media query. WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti osafunika kulemba code, imene ilipo kuyambira 2003 ndipo ndi imene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amathamangira, sinamveke nkomwe. Sindikuti asaphunzitse HTML, kuidziwa kumathandiza ukafuna kukonza kanthu, koma munthu akutuluka mu kosi ya bizinesi osadziwa kuika tsamba pa intaneti ndiye taphunzira kuyendetsa galimoto ili pa majeki.

Ndipo apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu pa kosi yonseyi, zigawo zitatuzi anaziphunzitsa ngati makosi atatu osadziwana amene angokumana mu basi. Chonsecho ndi nkhani imodzi. Kasitomala walemba oda pa fomu ya pa webusaiti, odayo yagwera ngati mzere umodzi mu spreadsheet, pivot table yawonkhetsa, bwana waona lipoti nkuganiza zooda katundu wina. Imeneyo ndiye information system ija tinkaloweza sabata yoyamba, TPS ndi MIS zili pomwepo, anthu ndi ndondomeko zili pomwepo. Ine ndinazilumikiza ndekha kosi itatsala pang'ono kutha, nditapanga fomu pa Google Forms nkuona mayankho akulowa okha mu Google Sheets mzere ndi mzere, ndinangoti ohooo, kani zimene ankanena zija ndi izi. Akanangopereka asainimenti imodzi yotere kumapeto, yomanga zonse pamodzi, bwenzi ndikupereka 9 osaganiza kawiri. M'malo mwake asainimenti yomaliza inali kulemba ndime zofotokoza ubwino wa ERP.

Pa nkhani ya chisamaliro, zili pakatikati. Mavidiyo amalola kudawuniloda nkuonera netiweki palibe, ndipo ali ndi mawu olembedwa pansi, zimene zinandithandiza pamene mphunzitsi akuthamanga. Mafayilo oyeserera ndi abwino, ali ndi zolakwika zoikamo dala zoti uzipeze. Koma amalengeza kuti kosi yonse ungathe kuchitira pa foni, limenelo ndi bodza, kuonera vidiyo inde koma kulemba fomula kaya HTML pa kiyibodi ya foni ndi chilango, pezani laputopu ngakhale yobwereka. Sananenenso poyamba kuti ngati ulibe Excel ungathe kugwiritsa ntchito LibreOffice Calc kapena Google Sheets zimene ndi zaulere, ena mu gulu lathu anataya sabata yathunthu akusakasaka Excel pamene pafupifupi mafomula onse a mu kosiyi amagwira chimodzimodzi konseko. Ukafunsa funso yankho limabwera patatha masiku atatu kaya anayi, nthawi zina longokopera kuchokera mu manotsi omwe sunawamvewo. Amene ankathandiza zenizeni ndi ophunzira anzathu, mutu umodzi susenza denga ndithu, panali bambo wina wa zaka zake amene ankayankha aliyense usiku ndi usiku mpaka tinkangomutcha aphunzitsi. Asainimenti yanga ya webusaiti inabwera ndi malikisi okha popanda ndemanga, nde mpaka lero sindidziwa pamene ndinataya malikisi atatu.

Za chitetezo anaikamo kaphunziro kamodzi, pasiwedi yosiyana pa akaunti iliyonse, kusamala ndi ma imelo onamizira banki, ndi lamulo la 3-2-1 pa backup, makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikhale kutali ndi ofesi. Ndinachita manyazi chifukwa fayilo yathu ya sitoko inali pa kompyuta imodzi yokha ndi dzina loti final final yeniyeni 2.

Amene mukufuna kulembetsa, chigawo choyamba chionereni pa liwiro la 1.5 musadzizunze, mphamvu zanu zonse muike pa spreadsheet ndipo musamangochita za mu mafayilo awo okha, tsegulani fayilo yanu yeniyeni ya ku ntchito, pangani kope, muziyeserera pamenepo chifukwa zolakwika zanu ndi zimene zimakuphunzitsani msanga. Za webusaiti konzekerani kukapitiriza kwina.

Satifiketi ndi PDF yotumiza pa imelo, yooneka bwino ndithu, dzina analemba molondola. Koma deti lomalizira analemba 04/05, kosi yomwe ija inatiphunzitsa sabata yathunthu kuti deti lotere silinena ngati ndi April kapena May. Ndawalembera kuti akonze, lero ndi tsiku lachitatu sanayankhe.